Bwanji osangomukweza ndege? Za kubweza munthu amene wathawira kudziko lina ali ndi mlandu

Wowerenga wina wa ku Mchinji wafunsa kuti: "Abale athu akagwidwa ku Joni opanda mapepala, amawasunga ku Lindela kenako n'kuwabweza kuno popanda kuzengereza m'makhoti. Koma munthu akathawa mlandu waukulu n'kuwoloka malire, nkhani yomubweza imatha zaka zisanu kapena kuposa. Kodi apolisi a mayiko awiri sangangogwirizana n'kupatsirana munthuyo pachipata? Kodi palibe njira zachidule zimene malamulo amalola?"

Njira zina zilipo, Bambo, ndipo zina mwa izo malamulo amazilola pomwe zina ndi kuba munthu basi, ngakhale ochitawo atavala yunifolomu. Chimene chimasiyanitsa njira zimenezi ndi chimodzi: kodi munthuyo anapatsidwa mpata woima pamaso pa woweruza wa m'dziko limene anagwidwira asanatulutsidwe, kapena anamuzembetsa dala kuti khoti lisamuone? Zonse zimene ndifotokoze zikuzungulira pa funso limeneli.

Mphamvu za wapolisi wa Malawi zimathera pamalire a Malawi. Chikalata chomangira munthu chimene majisitireti wa ku Lilongwe wasainira sichigwira ntchito ku Chipata kapena ku Tete, monga momwe nyakwawa ya mudzi wina singalowe m'mudzi wa eni ake n'kukakoka munthu osadzera kwa mfumu ya kumeneko. Pachifukwa chimenechi mayiko anakhazikitsa njira imene maloya amaitcha extradition, imene boma lina limapempha boma linzake kuti lipereke munthu woti akazengedwe mlandu kapena akamalize chilango chimene anachithawa. Palibe dziko limene limakakamizika kupereka munthu ngati silinalonjeze kutero m'pangano kapena m'malamulo ake. Kuno kwathu nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo la Extradition Act, lomwe ndi Cap. 8:03 m'mabuku a malamulo athu, ndipo pambali pake pali pangano la mayiko a SADC lomwe linasainidwa ku Luanda mu 2002 komanso dongosolo la mayiko a Commonwealth lotchedwa London Scheme. Dziwani kuti gawo 211 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti pangano la mayiko limene boma lalowamo kuyambira pamene malamulo aakuluwa anayamba kugwira ntchito limakhala lamulo la Malawi pokhapokha Nyumba ya Malamulo italiika m'lamulo, choncho loya wochenjera amayamba wafunsa kuti pempholo laima pa chiyani kwenikweni, pa lamulo lathu kapena pa pangano limene nduna inangosainira kunja.

Pempho limadzera m'maofesi a akazembe n'kufika kwa nduna, nduna ikavomera kuti nkhani ipitirire munthuyo amamangidwa n'kukaonekera kwa majisitireti, ndipo majisitiretiyo saweruza ngati munthuyo ndi wolakwa kapena ayi. Ntchito yake ndi kuona ngati amene waima m'bokosiyo ndi yemweyo wofunidwa, ngati mlanduwo uli m'gulu la milandu yobwezera munthu, ndiponso ngati umboni umene watumizidwa ukanakhala wokwanira kuti mlandu uzengedwe chikhala kuti zinachitikira kuno. Akagamula kuti apite, munthuyo ali ndi ufulu wokadandaula ku Bwalo Lalikulu, ndipo mawu omaliza opereka munthu amachokeranso kwa nduna.

Pali zipata zingapo zimene pempho liyenera kudutsa. Chimene munthu akuimbidwa chiyenera kukhala mlandu m'mayiko onse awiri. Dziko lopempha limalonjeza kuti lidzamuzenga mlandu wokhawo umene lamupemphera, osati kumuitana pa mlandu wa ndalama kenako n'kumusandutsira mlandu woukira boma atangotsika ndege. Mlandu wandale sabwezera munthu, ndipo munthu satumizidwa kumene kuli chiopsezo chenicheni choti akazunzidwa, monga likunenera gawo 3 la pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu la 1984. Mayiko ena sapereka nzika zawo ngakhale mlandu utakula bwanji, ndipo anzathu a ku Mozambique ali m'gulu limeneli chifukwa malamulo awo aakulu amaletsa kutulutsa nzika ya Mozambique m'dzikomo. Inu a m'malire mfundo imeneyi ikukhudzani kwambiri, pakuti nzika ya kumeneko ikapalamula kuno n'kuthawira kwawo, palibe pempho limene lingaibweretse ku khoti la Mchinji kapena la Dedza.

Chipata chimene chimativuta ife Amalawi ndi chilango cha imfa. Dziko lathu silinanyonge munthu kuyambira 1992, ndipo mu 2007 Bwalo Lalikulu, pa mlandu wa Kafantayeni, linathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azilandira chilango cha imfa mosasankha, komabe chilangocho chidakalipo m'mabuku. South Africa inachithetsa mu 1995 pa mlandu wa Makwanyane, ndipo mu 2012 khoti lake loona za malamulo aakulu linagamula pa mlandu wa Tsebe, wokhudza amuna awiri ofunidwa ndi Botswana pa milandu yakupha, kuti boma silingapereke munthu kudziko limene angakanyongedwe pokhapokha dzikolo litalonjeza kuti silidzamunyonga. Nkhani ya Misozi Chanthunya inayenda m'njira yomweyi: mlandu wakupha unachitika ku Monkey Bay mu 2010, iye anagwidwa ku South Africa mu 2012, koma anafika kuno mu 2018 ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 2020. Kwa abale a womwalirayo zaka zimenezo zinali zowawa, ndipo palibe amene ayenera kuzichepetsa. Komabe chifukwa anabwera kudzera m'makhoti, mlandu wake unazengedwa kuno mpaka kufika pa chigamulo.

Nkhani imene ambiri ali nayo m'maganizo akamafunsa funso ngati lanuli ndi ya Shepherd Bushiri ndi mkazi wake Mary, amene anachoka ku South Africa mu Novembala 2020 ali pa belo pa milandu yachinyengo ndi kuzembetsa ndalama zokwana pafupifupi R102 miliyoni, milandu imene iwo amaikana. Nthawi yaitali inathera pa kukangana ngati mboni za ku South Africa ziyenera kubwera zokha ku Lilongwe, ndipo funso limeneli linayenda pakati pa khoti la majisitireti ndi Bwalo Lalikulu. Mu Malichi 2025 majisitireti anagamula kuti abwezedwe, koma mu Okutobala chaka chomwecho Bwalo Lalikulu linathetsa chigamulocho, mwa zina chifukwa cha mmene umboni unaperekedwera ndiponso mmene ufulu wawo womvedwa unasamalidwira. South Africa inakumananso ndi zofanana ku United Arab Emirates mu 2023, pamene khoti la ku Dubai linakana kupereka abale awiri a banja la Gupta, anthu abizinesi ofunidwa pa milandu yachinyengo ndi kuzembetsa ndalama. Maganizo anga ndi akuti kuchedwa kochuluka m'nkhani zoterezi sikuchokera m'lamulo lenileni, koma m'mapepala okonzedwa mwachangu, zikalata zosatsimikizidwa moyenera, milandu yosafotokozedwa mogwirizana ndi malamulo a dziko lopemphedwa, ndiponso makhoti ochulukidwa ntchito amene amaimitsa mlandu miyezi itatu pa nkhani yoti ikanatha m'mawa umodzi. Nthawi zina chochedwetsa ndi kulimbirana munthu mmodzi, monga zinachitikira Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma ku Mozambique, amene anagwidwa pabwalo la ndege la OR Tambo mu Disembala 2018 pa nkhani ya ngongole zobisika za pafupifupi $2 biliyoni. America ndi Mozambique onse ankamufuna, ndipo anakhala m'ndende ku South Africa mpaka Julayi 2023 pamene anatumizidwa ku New York, kumene anapezeka wolakwa mu 2024.

Tsopano tifike pa njira imene mwatchula, yomudipota munthu. Kudipota ndi mphamvu imene dziko lililonse lili nayo yochotsa mlendo amene alibe chilolezo chokhalamo, ndipo cholinga chake ndi chakuti mlendoyo atuluke, osati kuti akafike m'manja mwa apolisi a dziko lina lake. N'chifukwa chake kumachitika msanga: a zolowa ndi kutuluka safuna umboni wa mlandu uliwonse, amangoona pasipoti ndi chitupa chokhalira m'dziko. Ngati munthu wofunidwa kuno ali ku South Africa wopanda mapepala, n'kudipotedwa motsata ndondomeko yonse, apolisi athu n'kumudikira pachipata cha Mwanza kapena pabwalo la ndege la Chileka, palibe cholakwa. Koma njirayi sigwira ntchito pa nzika ya dzikolo, chifukwa munthu sadipotedwa kwawo, ndipo n'chifukwa chake sinali yotheka pa nkhani ya a Bushiri. Vuto limabuka boma likagwiritsa ntchito dzina la kudipota pofuna kuzemba zipata zonse ndafotokoza zija.

Mlandu umene unaunikira bwino zimenezi m'chigawo chathu chino ndi wa Khalfan Khamis Mohamed, wa ku Tanzania, amene ankafunidwa ndi America pa nkhani ya bomba lomwe linaphulitsidwa ku ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam mu Ogasiti 1998. Iye anathawira ku Cape Town kumene anapempha malo ngati wothawa kwawo pogwiritsa ntchito dzina labodza, ndipo mu Okutobala 1999 a zolowa ndi kutuluka anamugwira n'kumupereka kwa apolisi a FBI, amene anamuulutsira ku New York patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Boma la South Africa linati linangomudipota, komanso kuti iye mwini anavomera. Mu Meyi 2001 khoti loona za malamulo aakulu linakana mfundo zonse ziwiri. Linati kaya mutche kudipota kaya mutche extradition, boma silingapereke munthu kumene angakaphedwe popanda lonjezo, ndipo linati kuvomera kwa munthu amene sanaonane ndi loya, amenenso sanauzidwe kuti ali ndi ufulu wokana, sikungawerengedwe ngati kuvomera. Pofika nthawiyo munthuyo anali kale ku America, choncho khotilo linalamula kuti chigamulo chake chitumizidwe kwa woweruza wa ku New York. Mohamed anapatsidwa chilango chokhala m'ndende moyo wake wonse.

Patapita zaka zoposa makumi awiri funso lomweli linabweranso pa nkhani ya Nandipha Magudumana, dokotala wa ku South Africa, amene anagwidwa ku Arusha m'dziko la Tanzania mu Epulo 2023 pamodzi ndi Thabo Bester, mkaidi wothawa m'ndende ya ku Bloemfontein, ndipo onse anabwezedwa ku South Africa m'masiku ochepa. Bwalo Lalikulu ku Bloemfontein linavomereza kuti zimene zinachitika zinali extradition yovekedwa chovala cha kudipota, koma linakana kumumasula chifukwa linapeza kuti iye anavomera kukwera ndegeyo pofuna kubwerera kwa ana ake. Mukaika milandu iwiriyi pamodzi muona kuti nkhani yonse imatha kupachikika pa mawu ochepa amene munthu wanena kwa apolisi ali m'manja mwawo, ali wotopa ndi wamantha, ndipo ine sindikhutira kuti kuvomera kotereku kuzikhala kokwanira popanda loya pafupi.

Ifenso tili ndi chilonda chathu. Mu Juni 2003 amuna asanu ochokera kunja, okhala ku Blantyre, anagwidwa powaganizira kuti ankathandiza gulu la al-Qaeda. Maloya awo anathamangira ku Bwalo Lalikulu lomwe linaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma anatulutsidwabe mothandizana ndi akuluakulu a ku America, ndipo ku Mangochi kunabuka zipolowe. Patapita milungu ingapo anthuwo anamasulidwa ku Sudan popanda kuimbidwa mlandu uliwonse. Amene amati njira yachidule imangopweteka olakwa okha ayenera kuiganizira nkhani imeneyi mofatsa, chifukwa khoti limene linanyozedwalo ndilo linali ndi ntchito yofunsa kuti umboni uli kuti.

Njira yonyansa kuposa zonse ndi kuba munthu kapena kumunyengerera kuti alowe mumsampha. Israel inaba Adolf Eichmann, mmodzi mwa akuluakulu a boma la Hitler amene anakonza zopulula Ayuda, ku Argentina mu 1960, ndipo ngakhale kuti anthu ochepa okha ndi amene anamumvera chisoni, Argentina inakadandaula ku United Nations kuti ulamuliro wake waphwanyidwa. Makhoti sagwirizana pa zoyenera kuchita munthu wobedwa akaimikidwa pamaso pawo. Khoti lalikulu la America linagamula mu 1992, pa mlandu wa dokotala wa ku Mexico Humberto Álvarez-Machaín, kuti mlandu ungapitirire ngakhale munthuyo anachita kubedwa. Khoti la apilo la South Africa linali litagamula mosiyana mu 1991 pa mlandu wa Ebrahim Ismail Ebrahim wa chipani cha ANC, amene anabedwa ku Swaziland mu 1986: linati boma liyenera kubwera kukhoti ndi manja oyera, ndipo linathetsa mlandu wonse pamodzi ndi chilango chake cha zaka 20. Ku Britain oweruza a House of Lords, lomwe linali khoti lalikulu la dzikolo panthawiyo, anatsata maganizo ofanana mu 1993 pa mlandu wa Bennett. Apa ndi pamene pali yankho lina la funso lanu, lakuti njira yachidule ingathe kuononga mlandu umene unali wolimba, wolakwa n'kutuluka chifukwa cha phuma la omugwira.

Amalawi sitifunika kuphunzira zimenezi kwa alendo. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa mu Disembala 1981, iwo akunena kuti anabedwa ali m'dziko la Zambia, ngakhale boma la nthawiyo linkati anagwidwira mbali ya Malawi. Anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu lomwe silinkalola loya, n'kugamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilango chimene pambuyo pake chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992 ndipo Vera anatulutsidwa mu 1993. Pempho la extradition pa mlandu wandale ngati umenewo likanakanidwa, ndipo boma lofuna munthu pa zifukwa zandale limadziwa zimenezi, n'chifukwa chake limasankha usiku ndi galimoto m'malo mwa chikalata. Mchitidwewu sunathe mu Africa, monga tinaonera Paul Rusesabagina, wotsutsa boma la Rwanda, atakwera ndege ku Dubai mu 2020 akuganiza kuti akupita ku Burundi koma n'kutera ku Kigali, komanso Kizza Besigye, wotsutsa boma la Uganda, atasowa ku Nairobi mu Novembala 2024 n'kukapezeka m'khoti la asilikali ku Kampala.

Njira zololedwa zimene zimafupikitsa ulendo zilipo ndithu. Munthu angavomere pamaso pa woweruza, loya wake ali pambali, kuti abwezedwe popanda kulimbana, ndipo ambiri amatero akaona kuti kukhala pa limandi m'dziko la eni zaka zambiri sikuwapindulira. Dziko limene lakana kupereka munthu lingamuzenge lokha mlanduwo ngati malamulo ake akulola, ndipo apa lamulo lathu la Mutual Assistance in Criminal Matters Act, Cap. 8:04, limathandiza kutumizirana umboni, zikalata za kubanki ndi mawu a mboni. Kuzenga munthu kumene anathawira ndiko kunachitikira Hissène Habré, mtsogoleri wakale wa Chad, amene anazengedwera ku Senegal n'kupatsidwa ndende ya moyo wonse mu 2016. Mayiko angagwirizanenso za malo apakati, monga pa mlandu wa ndege imene inaphulitsidwa ndi bomba pamwamba pa tauni ya Lockerbie ku Scotland, pamene Libya inapereka anthu awiri mu 1999 kuti akazengedwe ku Netherlands ndi oweruza a ku Scotland, Nelson Mandela atathandiza kuyanjanitsa mbali zonse. Palinso mapangano osamutsa akaidi, ndipo Vincent Murekezi, amene Rwanda inkamufuna pa milandu ya kupulula anthu ya 1994, anaperekedwa ku Rwanda mu Januwale 2019 akugwira ukaidi kuno pa mlandu wa ziphuphu. Za Interpol ndinene mwachidule kuti red notice si chikalata chomangira munthu, ndi chidziwitso chopempha mayiko kuti amufufuze ndi kumusunga podikira pempho lenileni, ndipo bungweli lilibe apolisi ake oyenda kukagwira anthu.

Ndikudziwa kuti m'maboma a m'malire apolisi a mbali ziwiri amadziwana, ndipo wakuba ng'ombe kapena njinga yamoto nthawi zina amangoperekedwa pachipata anthu akuombera m'manja. Ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti palibe amene angalembe pempho lodzera kwa akazembe chifukwa cha ng'ombe ziwiri, koma mchitidwewu ulibe tsinde m'malamulo ndipo umateteza wolakwa ndi wosalakwa mofanana, kutanthauza kuti suteteza aliyense. Ngati ndinu wolakwiridwa, onetsetsani kuti mlandu watsegulidwa kupolisi, chikalata chomangira munthuyo chatuluka kukhoti, ndipo zonse zimene mukudziwa za kumene ali zafika kwa ofufuza kuti ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma ikhale ndi poyambira. Ngati m'bale wanu ndiye wagwidwa kunja, asasaine pepala lililonse lovomera kusamutsidwa asanaonane ndi loya, ofesi ya kazembe wathu idziwitsidwe, ndipo loya apite kukhoti tsiku lomwelo, chifukwa ndege ikanyamuka chigamulo chimafika mochedwa monga zinachitikira Mohamed.

Chimene chigawo chathu chikusowa ndi njira yachangu yokhala m'lamulo. Mayiko a European Union anayamba mu 2004 kugwiritsa ntchito chikalata chimodzi chomangira munthu chimene chimachoka kwa woweruza wa dziko lina kupita kwa woweruza mnzake popanda kudzera kwa nduna, ndipo lamulo lake limati chigamulo chituluke pasanathe masiku 60 munthu atagwidwa, kapena masiku 10 ngati wavomera yekha. Dongosolo lotere limafuna kuti makhoti azikhulupirirana, ndende zikhale zoti woweruza wa dziko lina sangachite mantha kutumizako munthu, ndiponso nkhani ya chilango cha imfa ikhale itathetsedwa pakati pa mayikowo. Zambia inathetsa chilangochi mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024, ndipo Mozambique inatero kalekale mu 1990, choncho mwa mayiko amene anthu athu amathawirako kawirikawiri, ambiri adzapitiriza kutifunsa lonjezo lolembedwa pa mlandu uliwonse wakupha mpaka Nyumba ya Malamulo yathu itaganiza chochita ndi chilango chimene sitinachigwiritse ntchito kwa zaka zoposa 30.